Mudzi wa Ludzu Umene Unaphunzira Kudzipangira Makina

Kale, munthu akatsika basi pa Pabal, choyamba kumulonjera chinali fumbi. Fumbi mumsewu, fumbi pamadenga, fumbi pamasamba a timitengo taminga tomwe tinkapirira dzuwa m'malire a minda. Mudziwu uli m'chigawo cha Maharashtra ku India, makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda wa Pune, kuseri kwa mapiri kumene mvula imafika itatopa. Mitambo yochokera kunyanja imakhuthula madzi ake pamapiri a Western Ghats, ndiye ikamadzafika kuno imakhala itapepuka, yongodutsa. Pansi pa kadothi kochepako pali thanthwe lakuda la basalt, lolimba gwa, losafuna kuulula pamene labisa madzi. Epulo ndi Meyi akafika, dzuwa likuswa mtengo, minda inkangoti mbuu, zitsime zitauma, ng'ombe nthiti zili pamtunda.

Tangoganizani mlimi wa kumeneko m'zaka zimenezo. Watolera tindalama, mwina wakongolanso kwa akatapira, kuti akumbe chitsime. Akumbe pati? Ankaitana munthu wodziwa kusaka madzi, amene ankayendayenda m'munda ataika kokonati pachikhatho kapena atagwira kamtengo kamphanda, n'kuloza kuti apa. Anthu n'kuyamba kuswa thanthwe, sabata ino, sabata yamawa, mpaka dzenje kuzama loti munthu wa pansi akuoneka kamwana. Zotsatira zake? Kawirikawiri mwala wouma. Ndalama zapita, ngongole yatsala. Pampu ikafa, inkagona pomwepo kudikira mmisiri wa kutauni. Injini ya dizilo ikayamba kutsokomola utsi wakuda, mwini wake ankangotchera khutu n'kumalota chimene chavuta. Moyo wonse unali wongoyerekeza: madzi kuyerekeza, chonde cha m'nthaka kuyerekeza, ubwino wa mkaka kuyerekeza. Ndipo woyerekeza akaphonya, amene ankalira ndi mwana pakhomo.

Nanga kusukulu? Kumeneko kunali chilala cha mtundu wina. Mwana ankakhala tsiku lonse kuloweza mayina a mitsinje ya kutali pamene chitsime cha kwawo chilibe ndi dontho lomwe, kuloweza malamulo a magetsi asanagwirepo waya ndi kamodzi komwe. Wodziwa kuloweza ankakhoza mayeso n'kuuyatsa ulendo wa ku Pune kapena ku Mumbai, osabwereranso. Wosatha kuloweza ankalakwa kamodzi, kawiri, kenako n'kusiyira sukulu panjira, dzina loti mbuli litamumatirira. Anyamata otere ankangokhala pasiteji ya basi kuwerenga magalimoto odutsa, atsikana ankadikira ukwati. Mudzi unkaluza mbali zonse ziwiri: ana a nzeru za m'buku tauni inkawatenga, otsalawo ankauzidwa kuti mitu yawo ndi youma.

Ndiye mu 1983 kunatulukira bambo wina amene akanatha kukhala phee pakhonde mumzinda, kumadya penshoni mwaulemu. Dr. Shrinath Kalbag, obadwa mu 1928, anali katswiri wa sayansi yokonza zakudya amene anakaphunzira ku University of Illinois ku America, ndipo anatsogolerapo gawo la uinjiniya pamalo ofufuzira a kampani ya Hindustan Lever. Mu 1982 anasiya ntchitoyo mwakufuna kwawo. Chaka chotsatira, mothandizana ndi bungwe la Indian Institute of Education la ku Pune, anatsegula Vigyan Ashram pa Pabal. Malowo anawasankha dala. Ankafuna mudzi wokhala ndi mavuto onse a kumudzi, chifukwa chimene chingatheke pamalo ouma chotere chingathekenso kwina kulikonse. Akazi awo, mayi Mira Kalbag, amene ophunzira ankangowatchula kuti Amma, anakhala nawo limodzi pafumbi pomwepo.

Mfundo ya a Kalbag inali yosavuta kuimva, ngakhale kuti aphunzitsi ambiri mpaka lero imawawawa m'khutu. Mwana amaphunzira kuyenda ndi kulankhula popanda bolodi ndi choko. Amayesa, amagwa, amadzuka. Bwanji nanga akafika kusukulu timamumanga manja n'kumayembekeza kuti mutu wokha ugwire ntchito? Iwo ankakhulupirira kuti manja ndiwo amatsegula mutu, ndiponso kuti mavuto a m'mudzi ndiwo ayenera kukhala silabasi. Maganizowa ali ndi mizu m'dziko lomwelo, pakuti Mahatma Gandhi anali atalimbikitsa kale maphunziro odzera mu ntchito zamanja pamsonkhano wa ku Wardha mu 1937. Chimene a Kalbag anawonjezera ndi khalidwe la munthu wa sayansi: yeza, lemba, jambula pulani, werengera mtengo. Kupanga geti n'kwabwino, koma wophunzira anene kuti lalowa chitsulo chochuluka bwanji, ndodo zowotcherera zingati, ndipo phindu lake ndi ndalama zingati.

Chiyambi chake sichinali chopatsa kaso m'pang'ono pomwe. Malo amiyala, mthunzi wochita kusaka, madzi owerengera. Zida zake hamala, sowo, sipanala, tepi yoyezera ndi makina owotcherera. Ophunzira ake ndi aja sukulu zinawalavula. Lamulo linali lakuti aliyense alawe mbali zonse zinayi: za zitsulo, matabwa ndi zomangamanga, za magetsi, mphamvu ya dzuwa ndi chilengedwe, za ulimi ndi ziweto, za pakhomo ndi umoyo. Kunalibe zoti iyi ndi ntchito ya amuna, iyi ya akazi. Mnyamata ankayeza ufa ndi shuga kukhitchini, mtsikana atavala chishango kumaso, moto wa chitsulo uli thethethe. Pang'onopang'ono maphunzirowa anakhwima n'kukhala dipuloma ya chaka chimodzi, Diploma in Basic Rural Technology, yovomerezedwa ndi National Institute of Open Schooling, ophunzira akugonera pomwepo.

Kusintha koyamba kunaonekera pankhani ya madzi ija, ndipo ine ndimakonda kuiona m'maganizo mobwerezabwereza. Onani kagulu ka achinyamata kakulowa m'munda ndi kabokosi, mawaya ndi zikhomo zinayi zachitsulo. Akukhoma zikhomozo pamzere umodzi, motalikirana mofanana. Kudzera pa ziwiri za kumapeto akulowetsa magetsi m'nthaka, pa ziwiri za pakati akuwerenga mmene nthakayo ikuwakanira. Thanthwe louma limakana kwambiri, pamene mwala wofumbutuka, wonyowa, umawalola kudutsa. Akatalikitsa zikhomo, magetsi amalowa mozama. Nambala iliyonse ikulowa m'kope, kuchoka m'kope kupita pagirafu, ndipo mzere wa pagirafuwo ukapindika, mnyamata amauza mwini munda kuti pamamita akutiakuti pali chiyembekezo. Mnyamata wake uti? Yemwe uja analakwa masamu! Dzulo ankathawa nambala, lero nambala zikumudyetsa, ndipo bambo wa imvi akumumvetsera chipewa chili m'manja.

Kenako kunabwera nyumba zodabwitsa. Pa 30 Seputembala 1993, m'bandakucha, chivomezi chinagwedeza maboma a Latur ndi Osmanabad m'chigawo chomwecho cha Maharashtra. Anthu pafupifupi 10,000 anafa, ambiri ataphwanyidwa ndi makoma olemera amiyala a nyumba zawo ali m'tulo. Vigyan Ashram inali ndi yankho limene anthu amalidziwa ndi dzina loti Pabal dome: nyumba yozungulira, khoma ndi denga zili chinthu chimodzi, mafupa ake ali timizati tachitsulo tolumikizana m'makona atatuatatu, pamwamba pake waya wa sefa ndi simenti yopyapyala. Ndi yopepuka, koma nthaka ikagwedezeka imagwirana yokhayokha. Zitsulo zake zinkadulidwa ndi kuboolerwa pa Pabal, n'kutumizidwa kukamangidwa kumene kunagwa tsokako. Panabadwanso MechBull, kathirakitala kosonkhanitsidwa kuchokera ku zidutswa za magalimoto akale a jeep ndi injini yaing'ono ya dizilo, koyenera mlimi wa munda waung'ono amene thirakitala yaikulu sangaikwanitse ndipo ng'ombe zolimira zikumuvuta kudyetsa m'chilala.

Komabe hamala ili ndi malire ake. Amisiri a pa Pabal ankatha kupinda chitsulo, kumanga thanki, kukonza pampu, koma zikafika pa tinthu tating'onoting'ono, tofuna kulondola kwa kagawo ka milimita, kapena pa ubongo wa magetsi umene umakhala m'kati mwa chipangizo choyezera, ankagwira njakata. Zipangizo zotere zinkachokera kutali, zodula, zotsekedwa m'mabokosi oti ukatsegula sungabwezeretse. Mlimi akapita ndi mkaka kokagulitsa, mtengo unkadalira kuchuluka kwa mafuta a mumkakamo, koma woyeza anali wogula. Injini ikamamwa dizilo mopitirira, pankafunika chida choonera ngati mafuta akulowa panthawi yake, ndipo chida chimenecho kumudzi kunalibe. Manja analipo, mitu inali itatseguka, mafunso anali mbwee. Chosowa chinali chida chopangira zida.

Kutsidya la nyanja, ku Massachusetts Institute of Technology (MIT), pulofesa Neil Gershenfeld nawo anali ndi zowadabwitsa. Mu 1998 anayambitsa kalasi yophunzitsa kupanga pafupifupi chinthu chilichonse pogwiritsa ntchito makina olamulidwa ndi kompyuta. Ankayembekeza ophunzira ngati khumi, koma kunakhamukira pafupifupi 100, ambiri osakhala mainjiniya n'komwe. Ndipo zimene anapanga! Wina chikwama chokuwiramo ukakwiya, chomwe chimasunga mkuwewo kuti ukautulutse pamalo oyenera. Wina wotchi yodzutsa yomwe uyenera kulimbana nayo kuti ikhulupirire kuti wadzukadi. Wina njira yoti chinkhwe chizitha kuyenda pa intaneti. A Gershenfeld anazindikira kuti munthu ukamupatsa mphamvu yopanga, amapanga chimene sitolo iliyonse ilibe, chifukwa ndi iye yekha amene akuchifuna. Mu 2001 anakhazikitsa Center for Bits and Atoms ndi thandizo la National Science Foundation, ndipo pofuna kutulutsa lusoli kunja kwa mpanda wa yunivesite, anasankha makina ochepa okwana m'chipinda chimodzi. Chipinda chotere anachitcha fab lab.

Mu 2002 makina oyamba anafika pa Pabal, mothandizidwanso ndi sukulu ya ukachenjede ya IIT Kanpur, ndipo ambiri amawerenga labu imeneyi kuti ndiyo yoyamba kunja kwa MIT. Taganizani kukumana kwake: zipangizo zochokera ku imodzi mwa mayunivesite otchuka kwambiri padziko lapansi zikutsitsidwa m'mudzi wa fumbi, pafupi ndi khola la mbuzi, zikulandiridwa ndi manja a zikanga. Kuno kunalibe wofuna kusangalatsa chinkhwe. Mafunso oyamba anali a mkaka ndi dizilo: tingapange bwanji kachipangizo kotchipa koyezera mkaka, tingaone bwanji ngati injini ikuyaka panthawi yake? A Gershenfeld anachita chidwi kwambiri ndi zimene anaona, mpaka nkhani ya a Kalbag inalowa m'buku lawo lotchedwa Fab, lomwe linatuluka mu 2005. Mwatsoka a Kalbag sanalione bukulo. Anamwalira mu Julaye 2003, labuyo ikadali khanda. Injiniya wachinyamata, a Yogesh Kulkarni, ndiwo ananyamula ntchitoyo n'kupitiriza.

Tsopano tiyeni tione Pabal wa lero. Pamalo pamene panali miyala yokhayokha pali mitengo yopereka mthunzi, nyumba zozungulira zija zili ngundangunda, nyumba ya pulasitiki yolimamo ndiwo zamasamba, mapaipi othirira madontho, makola a nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe zamkaka. Madzi osambira ndi ochapira sakutayika, akusefedwa n'kubwerera kumbewu. Kukhitchini kukuchokera fungo la chikki, maswiti a mtedza ndi shuga wa nzimbe amene ophunzira amapanga n'kugulitsa. Kumbali uku chitsulo chikulira ngati kale, pakuti hamala sinapume. Koma tsegulani chitseko chinacho. Mukupeza makompyuta pamzere, makina odula ndi kuwala kwa laser, makina osema, mapulinta a 3D, tebulo lodzaza mawaya a mitundumitundu ndi timagetsi tothwanima. Amene akhala pamipandopo ndi ana a alimi, ena mwa iwo matope a kukhola akadali kunsapato.

Imani kaye kumbuyo kwa mtsikana uyo. Akufuna bokosi losungiramo chipangizo chake. Kale akanatenga sowo ndi thabwa, kudula mokhota, kupala, kukhoma misomali, thabwa n'kung'ambika, tsiku lonse n'kuthera pomwepo. Lero wajambula mbali zisanu ndi imodzi za bokosilo pakompyuta, m'mphepete mwake muli timano tolumana. Wayala thabwa lopyapyala m'makina, watseka chivindikiro, wadina batani. Kadontho kowala kayamba kuthamanga pathabwapo, kautsi kali tolotolo, fungo la nkhuni yopserera ladzaza chipinda. Mphindi zochepa chabe, zidutswa zagwa zokha, zosalala bwinobwino. Akuzilumikiza ndi zala, popanda guluu, popanda msomali: khwa, khwa, khwa. Koma mbali imodzi ikugwedera. Bwanji? Laser imadya kagawo kakang'ono ka milimita pamene yadutsa, ndipo iye sanakawerengere. Akutenga choyezera, akubwerera pakompyuta, akusintha nambala imodzi yokha, akudulanso. Ulendo uno bokosi lagwirana nganganga, ndipo nkhope yake yawala kuposa laser yomweyo.

Apa ndi pamene pagona kusintha kwakukulu, ndipo nkofunika kukuonetsetsa. Kale kulakwitsa kunali kodula. M'kalasi kulakwa kunkabweretsa chikwapu ndi manyazi. Kushopu kunkawononga chitsulo chogulidwa movutikira. Mwana woopa kulakwa amasiya kuyesa. M'chipinda muno kulakwitsa kumadya kachidutswa ka katoni ndi mphindi khumi, choncho wophunzira amayesa kachiwiri, kachitatu, mosaopa, ndipo ulendo uliwonse amatolapo kanthu. Masamu amene ankamuzunza pabolodi amabwera okha, atavala zovala za ntchito. Madesimo akufunika kuti mano a bokosi alumane. Makona akufunika kuti denga likumane pamwamba. Chingerezi chimene chinkamulemera lilime akuchifuna yekha, chifukwa malangizo a kachipangizo kamene wagula alembedwa m'chinenero chimenecho. Palibe amene akumukakamiza. Chinthu chimene akupangacho ndicho chikumufunsa mafunso, ndipo sichilandira yankho loloweza.

Patebulo linalo pakuchitika chimene kale chinkaoneka ngati matsenga a m'mafakitale a kutali. Mnyamata wamata kabolodi kokutidwa ndi kopa pamakina osema. Kansonga kochepa, ka mamilimita 0.4, kakuzungulira liwiro loti maso sangaone, kakupala kopayo n'kusiya tinjira towala mmene magetsi adzadutse. Akachotsa, akupukuta fumbi lake, akutenga chitsulo chamoto n'kuyamba kumata tizipangizo tochepa kuposa njere ya mpunga, dzanja likunjenjemera, mpweya ataugwira. Pakati akuikapo kachipu, ubongo wake wa chinthucho. Walumikiza kukompyuta, watumiza pulogalamu yomwe walemba yekha. Chete. Kenako kagetsi kofiira kayamba kuphethira, phethi, phethi, monga mmene anakalamulira. Mkuwe wake umamveka mpaka kukhola! Bokosi lotsekedwa lija, loti ukatsegula sungabwezeretse, tsopano walipanga yekha kuyambira pachiyambi, ndipo likadzawonongeka adziwa poyambira.

Pakona pali pulinta ya 3D, yodekha, yosathamanga. Imakoka ulusi wa pulasitiki, kuusungunula pamoto wa madigiri pafupifupi 200, n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere, monga mmene mayi woumba mbiya amazunguliza nsinga za dongo kuchokera pansi mpaka kukamwa. Pakatha maola angapo pakhala giya, kapena chivindikiro, kapena kolumikizira paipi komwe m'sitolo za ku Pune sakudziwa n'komwe. Kale makina athunthu ankafera kachidutswa kamodzi kothyoka. Lero kachidutswako amakayeza, kukajambula, kukaumba.

Zonsezi zikakumana ndi mavuto a m'mudzi, pamatuluka zinthu zogwira mtima. Tengani makina oswetsa mazira. Dzira la nkhuku limafuna masiku 21, kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5, chinyezi choyenera ndi kutembenuzidwa kangapo patsiku. Kumudzi kumene magetsi amathimathima, usiku umodzi wozizira ungaphe anapiye onse asanaswe. Makina otere amafuna luso la mbali zonse: bokosi losataya kutentha, sensa, kabolodi kolamulira, kamota kotembenuza mazira, batire yodikirira. Wophunzira amene wadutsa kukhola, kushopu ya zitsulo ndi ku fab lab ndi amene angawapange bwino, chifukwa nkhuku amaidziwa ndipo waya amamudziwanso. Mwa njira yomweyi pa Pabal patuluka nyale za LED zoyendera dzuwa, zoumitsira ndiwo ndi zipatso, zipangizo zolemba kutentha ndi chinyezi, makina ang'onoang'ono opunthira mpunga, ndi ng'anjo zowotchera mapadi ogwiritsidwa kale ntchito, chinthu chimene chimathandiza mtsikana kuti asajombe kusukulu masiku ake akafika. Ambiri mwa omaliza maphunziro sapita kukagwada pamageti a makampani. Amatsegula mashopu awoawo, owotcherera, a magetsi, oweta nkhuku, okonza zakudya, n'kulembanso anzawo ntchito.

Ndipo moto sunathere mumpanda wa Ashram. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, njira ya a Kalbag inalowa m'sukulu za sekondale pansi pa dzina loti Introduction to Basic Technology, phunziro lomwe bungwe la mayeso la Maharashtra linalivomereza. Ana a makalasi 8 mpaka 10 amapatula tsiku limodzi pasabata kugwira ntchito ndi manja, ndipo owaphunzitsa ndi amisiri a m'mudzi momwemo: wowotcherera, wamagetsi, mlimi waluso. Phunziroli linafalikira m'sukulu zoposa 100. Yerekezani sukulu yomwe kale inali ndi mabenchi othyoka, mpopi wodontha ndi bwalo la fumbi. Lero mabenchi awotcherera ndi ana omwewo, mpopi akonza okha, kuseri kuli dimba ndi nazale ya mitengo. Anthu a m'mudzi amabwera kusukulu kudzayezetsa dothi la m'munda, madzi a pachitsime, ngakhale kuchuluka kwa magazi m'thupi, n'kulipira kangachepe. Sukulu imene inkangotenga ana m'mudzi tsopano ikubwezera mudziwo kanthu kooneka ndi maso, ndipo kholo limene linkati sukulu n'kutaya nthawi likunyadira geti lopangidwa ndi mwana wake.

Pano ndiyenera kunena maganizo anga mosabisa, chifukwa nkhani ngati iyi imakopa anthu kuganiza kuti chinsinsi ndi makina. Boma la India, kudzera m'bungwe lake la NITI Aayog, linayamba mu 2016 kukhazikitsa timalabu totchedwa Atal Tinkering Labs, ndipo tafika m'sukulu 10,000. Ndi chinthu chabwino zedi, choyenera kuombera m'manja. Koma pulinta ya 3D yoikidwa m'chipinda chokhoma, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi, imangoumba tizidole tsiku la alendo. Pa Pabal makina anabala zipatso chifukwa anapeza munda wolimidwa kale kwa zaka pafupifupi 20. Anapeza achinyamata ozolowera kufunsa kuti vuto la mayi uyu n'chiyani, ozolowera kuyeza ndi kulemba, osanyansidwa ndi girizi m'manja. Mvula kumeneko ikadali yovuta, makina nawo amafa, ndipo zosinthira zake sizitchipa. Chasintha n'chakuti vuto likabwera limapeza anthu olidikirira ndi choyezera m'manja.

Chinanso chasintha ndi kutalika kwa dzanja la mudziwu. Kale nzeru zinkayenda njira imodzi yokha, kuchoka kutauni kupita kumudzi, ndipo zinkafika mochedwa. Lero ma fab lab apitirira 2,000 m'maiko oposa 100, ndipo ambiri ali ndi makina ofanana, mwadala, kuti chojambulidwa kwina chithe kupangidwa kwina. Labu ya ku Lyngen, kumpoto kwenikweni kwa Norway, inayamba ndi nkhani yolondola nkhosa m'mapiri. Ya ku Takoradi ku Ghana inatsegulidwa mu 2004, ndipo ina inafika ku Soshanguve, pafupi ndi Pretoria. Aliyense ali ndi vuto lake, koma chilankhulo cha mafayilo ndi chimodzi. Pulani ya chipangizo chojambulidwa pa Pabal ingatumizidwe pa intaneti madzulo, m'mawa n'kukhala ikudulidwa ku Ghana, itasinthidwa kuti igwirizane ndi matabwa a kumeneko. Mu 2009 msonkhano waukulu wa ma fab lab a dziko lonse, wachisanu, unachitikira ku Pune, khomo ndi khomo ndi mudzi wa fumbi uja.

Chaka chomwecho cha 2009 kunayamba Fab Academy, maphunziro a miyezi pafupifupi isanu amene a Gershenfeld amaphunzitsa pavidiyo kwa ophunzira omwazikana m'malabu a dziko lonse, ndipo Vigyan Ashram ndi amodzi mwa malo ake. Sabata iliyonse ili ndi ntchito yake: sabata ino kudula ndi laser, yamawa kusema bolodi la magetsi, ina kuumba ndi nkhungu, ina kupanga chinthu chachikulu choti munthu n'kukhalapo, ina kumanga makina athunthu pagulu. Chilichonse wophunzira amachilemba patsamba lake la pa intaneti, zotheka ndi zolephereka zomwe, kuti wina wa kutali asadzagwe m'dzenje lomwelo.

Ndiye Lachitatu, kwa a Gershenfeld ku Boston kukali m'mawa, ku Pabal dzuwa litalowa, ophunzira amasonkhana kutsogolo kwa sikirini. Mayina amatoledwa mwamaere, ndipo aliyense mtima uli phaphapha. Likatuluka dzina la wa pa Pabal, amakhala tsonga, n'kutsegula tsamba lake pamaso pa anzake a ku Barcelona, ku Lima, ku Amsterdam ndi ku Kamakura. Amaonetsa bolodi loyamba lomwe linapsa, amafotokoza chifukwa chake, amaonetsa lachiwiri lomwe likugwira ntchito. Pulofesa wa ku MIT amamufunsa chifukwa chimene anasankhira sensa imeneyo, ndipo iye amayankha kuti inayo siipirira chinyezi cha m'makina a mazira, anaiyesa yekha. Wina wa ku Peru amalemba pambali kupempha fayilo yake, akuti kwawonso magetsi amavuta ndipo amayi ake amaweta nkhuku. Mwana wa mlimi wa pa Pabal amamutumizira usiku womwewo, n'kumulangizanso kuti batire aike yokulirapo.